MANAMBALA ANAI A M'KATI MWA ATOMU

Mai ali yense wophika pa mafuwa adziwa kuti msuzi wamcere ukasefukira pamoto, malawi asanduka acikasu kwa kanthawi. Anyamata amene anaponyapo kawaya ka mkuwa m'makala amoto adziwanso kuti pamenepo pamabuka lawi lobiriwira. Mcere ungacokere ku dziko liri lonse, lawi lace likhala lacikasu ndithu. Mkuwa ungakumbidwe ku Kitwe kapena ku Chile, kubiriwira kwa lawi lace ndi kumodzimodzi. Anthu akhala akuona zimenezi kuyambira makedzana, koma cifukwa cace cinadziwika pakati pa caka ca 1913 ndi caka ca 1928, pamene akatswiri owerengeka a ku Ulaya anapeza malamulo olamulira tinthu ta m'kati mwa atomu. Nkhani ya lero iri pa manambala anai amene ali pa phata pa malamulo amenewo. Omvera aona kuti manambalawa salongosola lawi lokha ai, koma alongosolanso cimene cisiyanitsa citsulo ndi mcere, ndi cifukwa cace mwala sulola cala kuuboola.

Poyamba nkofunika kukumbukira kuti zinthu zonse, madzi, mpweya, nthaka ndi thupi la munthu lomwe, zinamangika ndi tinthu tating'ono-ting'ono tochedwa maatomu. Kucepa kwace nkodabwitsa: maatomu a mkuwa atandandalikidwa mu mzere umodzi, pafunika okwana pafupi-fupi mamiliyoni 4 kuti mzerewo utalike milimita imodzi. Mitundu ya maatomu yodziwika tsopano iripo 118, ndipo mtundu uli wonse uchedwa elementi. Kaboni, citsulo, mkuwa, golidi ndi mpweya wopepuka wa haidirojeni ndi ena mwa maelementi amenewo. M'caka ca 1897 J. J. Thomson wa ku Cambridge anapeza kuti m'atomu muli tinthu tocepa kopambana tonyamula magetsi, ndito maelekitironi. M'caka ca 1911 Ernest Rutherford, mbadwa ya ku New Zealand imene inali kugwira nchito ku Manchester, anaonetsa kuti pafupi-fupi kulemera konse kwa atomu kunaunjikana m'kanthu kamodzi ka pakati, kamene m'nkhani ino kachedwa mtima wa atomu. Magetsi a mu mtimamo ndi a mtundu wosiyana ndi a elekitironi, cotero ziwirizi zimakokana. Mtimawo ukadakhala waukulu ngati njere ya cimanga, atomu yonse ikadaposa bwalo la mpira m'litali mwace. Elementi iri yonse iri ndi muyeso wace wa magetsi mu mtima, ndi ciwerengero colingana naco ca maelekitironi: haidirojeni ali ndi elekitironi imodzi, kaboni 6, citsulo 26, mkuwa 29.

Rutherford atafika pamenepa, bvuto lalikulu linaonekera. Anthu anayesa kuti maelekitironi amazungulira mtima monga dziko lapansi lizungulira dzuwa. Koma malamulo a magetsi odziwika nthawi imeneyo, amene anali atayesedwa kambiri-mbiri napezeka oona, anati kanthu konyamula magetsi kakamazungulira kayenera kutaya mphamvu zace mwa kuwala. Elekitironi yotaya mphamvu iyenera kuyandikira mtima, ndi kuyandikirabe, kufikira itagweramo. Ndipo masamu anaonetsa kuti zonsezi zikadatha munthu asanaphethire ndi komwe. Malamulowo akadagwira nchito motero m'kati mwa atomu, sipakadakhala phiri, nyanja kapena munthu. Koma mapiri alipo. Tsono cina cace cinali cisanadziwike.

Mfungulo ya mwambi umenewu inali itabisika m'kuwala kwa malawi. Kuwala kwa dzuwa kukapyola m'galasi la nthiti zitatu kumamwazika kukhala mitundu ya utawaleza, yotsatana popanda mpata. Koma m'zaka za 1859 ndi 1860 Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff a ku Heidelberg, m'dziko la Germany, anaonetsa kuti kuwala kwa elementi yotenthedwa m'lawi sikupereka utawaleza wathunthu ai, koma timizere towerengeka towala ndi mdima pakati pace. Ndiponso kuti elementi iri yonse iri ndi timizere tace-tace, monga munthu ali yense ali ndi cidindo ca cala cace. Haidirojeni ali ndi timizere tinai tooneka ndi maso: kofiira, kobiriwira mopita ku mtundu wa thambo, ndi tiwiri toyandikira mtundu wa maluwa a jakaranda. M'caka ca 1885 mphunzitsi wa pa sukulu ya atsikana ku Basel, ku Switzerland, dzina lace Johann Balmer, munthu wa zaka 60, anapeza kuti malo a timizere tinaito angawerengedwe ndi samu imodzi yapafupi yogwiritsa manambala athunthu: 2 mbali yina, ndipo 3, 4, 5 ndi 6 mbali yinayo. Samuyo inalondola bwino lomwe, koma Balmer anamwalira osadziwa cimene manambala athunthu anali kucita m'kati mwa kuwala.

Amene anamasulira ndiye Niels Bohr wa ku Denmark, m'caka ca 1913, ali ndi zaka 27. Iye anatenga ganizo limene Max Planck anayamba nalo ku Berlin m'caka ca 1900, lakuti mphamvu ya kuwala siiperekedwa mothira ngati phala, koma m'mitanda yathunthu ngati nsima. Kamtanda kotere kachedwa kwantamu. Bohr anati elekitironi siingakhale pali ponse, koma pa misinkhu yoikika yokha, monga munthu wokwera makwerero a nkhokwe angaime popondera poyamba kapena paciwiri, koma sangaime m'malere pakati pace. Ikakhala pa msinkhu wace siitaya mphamvu konse, ndipo kunsi kwa msinkhu woyamba kulibenso kotsikira; ndico cifukwa cace atomu siiphwanyika. Moto ukaipatsa mphamvu, elekitironi ilumphira pa msinkhu wapamwamba, ndipo pobwerera pansi itulutsa kwantamu imodzi ya kuwala, kumene mtundu wace ulingana ndi kukula kwa mphamvu imene yataya. Kamzere kofiira ka haidirojeni ndiko kulumpha kucokera pa msinkhu wacitatu kufika pa waciwiri. Tinato ndi kucokera pa wacinai, wacisanu ndi wacisanu ndi cimodzi. Manambala a Balmer anali manambala a misinkhu. Nambala imeneyi, imene ilembedwa ndi cilembo ca n, ndiyo nambala yoyamba ya kwantamu.

Posacedwa kunaoneka kuti nambala imodzi siikwanira. Poyang'anitsitsa ndi zida zabwino koposa, kamzere kamene kanaoneka ngati kamodzi kanapezeka kuti ndi timizere tingapo tothithikana. Pofuna kulongosola zimenezi Arnold Sommerfeld wa ku Munich anaonjeza nambala yaciwiri m'caka ca 1916, yonena za maumbidwe a njira ya elekitironi, kaya ndi yozungulira kwenikweni, kaya ndi yotalikirapo ngati dzira. Ndiponso kale m'caka ca 1896 Pieter Zeeman wa ku Leiden, ku Holland, anali ataona kuti lawi likaikidwa pakati pa maginito amphamvu timizere tace timasintha, ndipo pambuyo pace kunaoneka kuti timagawika. Cimeneci cinafuna nambala yacitatu, yonena za kumene njirayo yapendekera.

Pa nthawi yomweyo akatswiri a kemisitiri anali ndi mwambi wao-wao. M'caka ca 1869 Dmitri Mendeleev wa ku St Petersburg anandandalika maelementi motsata kulemera kwace, naona kuti makhalidwe ace amabwereza monga masiku a sabata abwereza pa kalendala. Ofanana makhalidwe anawaika mu mzere umodzi wotsika, nasiya mipata ya maelementi osapezeka. Ndipo gallium atapezeka m'caka ca 1875, ndi germanium m'caka ca 1886, anakwanira m'mipata imeneyo monga ananenera. Mizere yopingasa ya ndandanda umenewo, monga ulili tsopano, iri ndi maelementi 2, 8, 8, 18, 18, 32 ndi 32. Koma Mendeleev sanadziwe cifukwa ca kubwerezako. Bohr anati maelekitironi amadzaza misinkhu motsatana, ndi kuti khalidwe la elementi licokera kwa maelekitironi ace a kunja kwenikweni. Msinkhu ukadzaza, wotsatira uyamba, khalidwe nkubwereza.

Ganizo limeneli linayesedwa poyera m'caka ca 1922. Elementi ya nambala 72 inali isanadziwike. Georges Urbain wa ku Paris ananena kuti waipeza m'gulu la zitsulo zochedwa nthaka zosowa. Koma mwa mawerengedwe a Bohr gululo liyenera kuthera pa 71, ndipo 72 iyenera kufanana ndi citsulo cina, zirconium. Mmodzi mwa awiriwa anayenera kukhala wolakwa. Dirk Coster ndi George de Hevesy, amene anali kugwira nchito pa sukulu ya Bohr ku Copenhagen, anafuna-funa m'miyala ya zirconium ndi kuwala kwa X-ray, naipeza momwemo. Uthenga unamfika Bohr ku Stockholm m'mwezi wa December, atatsala pang'ono kulankhula pa mwambo wolandira mphotho ya Nobel, ndipo anaulengeza kumapeto kwa mau ace. Elementiyo inachedwa hafnium, kucokera ku Hafnia, dzina la Copenhagen m'Cilatini.

Komabe funso lalikulu linatsala: ciciticitsa nciani kuti msinkhu udzaze? Zinthu zonse zimafuna kutsikira pansi monga madzi acitira. Nanga ciletsa nciani kuti maelekitironi 29 a mkuwa asaunjikane onse pa msinkhu woyamba? Zikadatero sipakadakhala kubwereza kwa Mendeleev, ndipo mcere, madzi ndi nkhuni sizikadakhala monga ziriri. Woyankha anali Wolfgang Pauli, mbadwa ya ku Vienna, amene anali kuphunzitsa ku Hamburg. Kumapeto kwa caka ca 1924, ali ndi zaka 24, anawerenga zimene Edmund Stoner wa ku Cambridge analemba za kagawidwe ka maelekitironi, ndipo maso ace anatseguka. Malo amene manambala atatu alola pa misinkhu inai yoyamba ndi 1, 4, 9 ndi 16. Koma maelekitironi okwana pa misinkhu imeneyo ndi 2, 8, 18 ndi 32, ndiko kuwirikiza kawiri. Pauli anati payenera kukhala nambala yacinai, ya mbali ziwiri zokha. Pamenepo anaika lamulo limene linasindikizidwa m'caka ca 1925 ndipo licedwa ndi dzina lace kufikira lero: m'atomu imodzi simungakhale maelekitironi awiri ofanana pa manambala onse anai.

Manambalawa ali ngati keyala ya pa kalata. Anthu awiri angakhale a boma limodzi, a mfumu imodzi ndi a mudzi umodzi, koma pa cacinai, dzina, ayenera kusiyana, apo ai kalata siingadziwe mwini wace. Elekitironi yatsopano ikafika m'atomu nipeza keyala ya pansi iri ndi mwini wace kale, iyenera kukwera kukafuna yopanda munthu. Akulu-akulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo m'kati mwa atomu mwambo umenewu sunalumphidwepo.

Pauli sananene cimene nambala yacinaiyo iimira. M'caka comweco ca 1925 anyamata awiri a pa sukulu yaikulu ya Leiden, George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit, anati iimira kuzungulira kwa elekitironi pa yokha ngati nguli, kumanja kapena kumanzere, ndi kuti cifukwa ca ici elekitironi iri yonse ndi kamaginito kakang'ono. Hendrik Lorentz, nkhalamba yolemekezeka pa maphunziro amenewa, anawerengera naona kuti kampira kocepa cotero kuti kazungulire ndi mphamvu yotere, khungu lace liyenera kuthamanga koposa kuwala, cimene sicitheka. Uhlenbeck anafuna kubweza zimene analemba, koma mphunzitsi wao, Paul Ehrenfest, anali atatumiza kale kwa osindikiza. Unali mwai, pakuti phata la ganizolo linali loona. Kale m'caka ca 1922 ku Frankfurt, Otto Stern ndi Walther Gerlach anali atapititsa maatomu a siliva pakati pa maginito, naona kuti agawika magulu awiri okha popanda apakati, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti kugawikako kucokera pa nambala yacinaiyi. Koma Lorentz nayenso sanalakwe: elekitironi si kampira, ndipo fanizo la nguli ndi lothandiza kukumbukira cabe. Dzina lace lacingerezi, spin, linakhalabe, ndipo m'caka ca 1928 Paul Dirac wa ku Cambridge anaonetsa kuti khalidwe limeneli lituluka lokha masamu a elekitironi akagwirizanitsidwa ndi malamulo a Albert Einstein.

Manambala atatu oyamba aja anali oikidwa ndi dzanja kuti masamu agwirizane ndi zooneka, ndipo panalibe wodziwa cifukwa cace ayenera kukhala athunthu. Njira inatseguka ndi Louis de Broglie wa ku Paris, amene m'caka ca 1924 ananena kuti elekitironi iri ndi khalidwe la funde. Mau ace anatsimikizidwa m'caka ca 1927 ndi Clinton Davisson ndi Lester Germer ku New York, ndiponso ndi G. P. Thomson ku Aberdeen, mwana wa J. J. Thomson uja. Tate anachuka popeza elekitironi ngati kanthu, mwana nachuka poonetsa kuti iyenda ngati funde. Onse awiri ananena zoona, ndipo onse awiri analandira mphotho ya Nobel, tate m'caka ca 1906, mwana m'caka ca 1937.

Woimba kaligo kapena bangwe angamve msanga tanthauzo la zimenezi. Nsambo yomangidwa ku nsonga zonse ziwiri inganjenjemere yonse pamodzi, kapena m'zigawo ziwiri, kapena zitatu, koma siinganjenjemere m'zigawo ziwiri ndi theka, pakuti nsonga zace sizisuntha. Funde lomangidwa ndilo libala manambala athunthu. Nsambo iri ndi utali wokha, cotero nambala imodzi ikwanira kulongosola kanjenjemeredwe kace. Cikumba ca ng'oma ciri ndi m'litali ndi m'lifupi, ndipo cifuna manambala awiri. Funde la elekitironi, lomangidwa ndi kukoka kwa mtima wa atomu, liri ndi m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo lifuna atatu. M'caka ca 1926 Erwin Schrödinger, mphunzitsi wa ku Zurich, analemba samu ya funde limeneli, ndipo atainyamula kuiyesa pa haidirojeni manambala atatu aja anatulukamo okha, pamodzi ndi timizere ta Balmer.

Nanga funde limeneli ndi la ciani? Max Born wa ku Göttingen anayankha m'caka comweco kuti kukula kwa funde pa malo ena kusonyeza kukula kwa mwai wopeza elekitironi pamenepo. M'caka ca 1927 Werner Heisenberg anaonetsa kuti sikutheka kudziwa ndendende malo a elekitironi pamodzi ndi mayendedwe ace pa nthawi imodzi. Pamenepo tinjira tozungulira ta Bohr ndi Sommerfeld tinatayidwa, koma manambala ace anatsala. M'malo mwa njira pali dera limene elekitironi ipezekamo, lothithikana pena, lopyapyala pena, ngati njuci zozungulira mng'oma; kusiyana kwace nkwakuti njuci iri ndi njira yace ngakhale munthu asaione, pamene elekitironi iribe njira yoti nkuilondola. Dera lotere Robert Mulliken wa ku Chicago analicha orbital m'caka ca 1932, ndipo dzinali ndilo ligwiritsidwa nchito m'masukulu.

Tsono tanthauzo la manambala anai likhoza kunenedwa mwa dongosolo. Yoyamba, n, inena msinkhu, ndiko kukula kwa orbital; iyamba pa 1 nkumakwera. Yaciwiri, yolembedwa l, inena maumbidwe; iyamba pa 0 ndipo ilekezera pa nambala yocepa ndi imodzi kwa n. Ikakhala 0, orbital iri yozungulira ngati mpira ndipo ichedwa s. Ikakhala 1, ioneka ngati mtedza wa njere ziwiri, mtima wa atomu uli m'ciuno mwace, ndipo ichedwa p. Ikakhala 2 ichedwa d, ndipo yambiri ya mtundu umenewu iri ngati duwa la masamba anai. Ikakhala 3 ichedwa f, ya maumbidwe opiringizika koposa. Zilembozi ndi zoyamba za mau acingerezi amene oyang'ana timizere akale anachulira nao magulu a timizere. Nambala yacitatu, m, inena kumene orbital yaloza: mpira ulibe koloza, cotero s ndi imodzi yokha; koma p ziripo zitatu zopingasana, d zisanu, f zisanu ndi ziwiri. Yacinai ndiyo spin, ya mbali ziwiri. Orbital iri yonse iri ngati mphasa yokwana anthu awiri okha, ndipo awiriwo ayenera kugona mosemphana, wina mutu uku, wina mutu uko.

Mwana wa sukulu angawerenge yekha zotsatira zace. Msinkhu woyamba uli ndi s imodzi: mphasa imodzi, maelekitironi 2. Waciwiri uli ndi s imodzi ndi p zitatu: mphasa zinai, maelekitironi 8. Wacitatu uonjeza d zisanu: mphasa 9, maelekitironi 18. Wacinai uonjeza f zisanu ndi ziwiri: mphasa 16, maelekitironi 32. Awa ndi manambala omwe aja a m'ndandanda wa Mendeleev. Cifukwa cace mzere wacitatu uli ndi maelementi 8 m'malo mwa 18 ndi cakuti maelekitironi amakankhana okha-okha, ndipo kukankhanako kucititsa kuti s ya msinkhu wacinai iyambe kulandira alendo d za msinkhu wacitatu zisanayambe. Kudzaza kocedwa kwa d zimenezo ndiko kupereka zitsulo khumi za mzere wacinai, mwa izo kiromiyamu, citsulo ndi mkuwa.

Apa ndi pamene makhalidwe a zinthu ayamba kumveka. Niyoni ali ndi maelekitironi 10, ndiwo 2 ndi 8. Misinkhu yace iwiri iri yodzaza, ndipo mpweya umenewu suphatikizana ndi kanthu. Sodiyamu ali ndi 11, ndiwo 2, 8 ndi 1. Elekitironi yotsirizayo iri yokha kutali ndi mtima ndipo icoka mosabvuta, cotero sodiyamu ndi citsulo cofewa cimene cikagwera m'madzi cimawira mwaukali, nthawi zina nkuyaka moto. Kolorini ali ndi 17, ndiwo 2, 8 ndi 7. Atsala ndi malo amodzi, ndipo amalanda elekitironi kwa ciri conse, cotero ndi mpweya wakupha umene unagwiritsidwa nchito pa nkhondo ku Ypres m'caka ca 1915. Koma sodiyamu akapereka elekitironi yace kwa kolorini onse awiri akhuta, ndipo cotulukapo ndi mcere wa m'ndiwo. Kaboni ali ndi anai pa msinkhu wa kunja, ndipo Linus Pauling wa ku California anaonetsa m'caka ca 1931 kuti s imodzi ndi p zitatu zimasakanizana kukhala manja anai ogwirira. Ndi manja amenewo kaboni amanga daimondi, mafuta, shuga ndi mnofu wa zamoyo zonse.

Lawi lacikasu la mcere licokera kwa elekitironi yokhala yokha ija ya sodiyamu. Moto uikweza kucoka pa s kupita pa p ya msinkhu wacitatu, ndipo pobwerera itulutsa kuwala kumene funde lace litalika mananomita 589. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. Poyang'ana ndi cida cabwino, kamzere kacikasuko ndi tiwiri, kena pa 589.0, kena pa 589.6, ndipo cimene cigawa ndi spin. Popeza maatomu onse a sodiyamu ali ndi misinkhu yofanana, mcere wa dziko liri lonse upereka cikasu cimodzimodzi. Kubiriwira kwa mkuwa kucokera pa kulumpha kwina, kwa maelekitironi a mkuwa umene waphatikizana ndi mipweya ya m'lawi.

Cuma cambiri ca pansi pa nthaka ya maiko ano cikhazikika pa malamulo omwewa. Maelekitironi 29 a mkuwa akhala 2, 8, 18 ndi 1. Maatomu a mkuwa akaunjikana, elekitironi yotsirizayo isiya mwini wace nkumayenda-yenda m'citsulo monse, ndipo kuyenda kumeneko ndiko kunyamula magetsi m'waya. Siliva yekha ndiye aposa mkuwa pa nchito imeneyi, ndipo ali pansi pa mkuwa mu mzere womwewo wa Mendeleev, pamodzi ndi golidi. Kufunika kwa migodi ya ku Copperbelt kwatsamira kwambiri pa elekitironi imodzi imeneyo. Citsulo ciri ndi nkhani yina. Friedrich Hund wa ku Göttingen anapeza kuti maelekitironi akapeza ma-orbital ofanana mphamvu, acita ngati apaulendo m'basi: ali yense ayamba wakhala pa mpando wopanda munthu asanakhale awiri-awiri. Atomu ya citsulo iri ndi maelekitironi 6 m'ma-orbital asanu a d, cotero anai akhala opanda anzao osemphana nao, timaginito tao nkuloza kumodzi. Ndipo maelekitironi opanda anzao otere ndiwo gwero la mphamvu ya maginito.

Miyala ya mtengo wapatali isonyeza cina codabwitsa. Rube wofiira wa pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi emeralodi wobiriwira wa ku Kafubu, m'boma la Lufwanyama, atenga maonekedwe ao makamaka kwa elementi imodzi, kiromiyamu, imene ipezeka pang'ono cabe m'miyala yonse iwiri. Maatomu ozungulira kiromiyamu amapanikiza ma-orbital ace asanu a d nawagawa magulu awiri, lapansi ndi lapamwamba, ndipo maelekitironi olumpha mpata umenewo amameza mitundu yina ya kuwala. Mu rube kupanikizako nkwakukulu, kuwala kobiriwira kumezedwa, kofiira nkutsala. Mu emeralodi nkocepako, kofiira kumezedwa, kobiriwira nkutsala. Nazonso nthaka zosowa za pa phiri la Kangankunde ku Balaka ndi maelementi amene akudzaza ma-orbital a f. Imodzi mwa izo, neodymium, ndiyo ipangira maginito amphamvu a m'matelefoni a m'manja ndi m'magalimoto oyendera magetsi.

Lamulo la Pauli lifika patali koposa apa. Atomu pafupi-fupi yonse ndi malo opanda kanthu kolemera, komabe munthu akaponda mwala phazi lace silimira, pakuti maelekitironi a phazi sangalowe m'malo amene a mwala akhalamo kale popanda kukwezedwa ndi mphamvu yaikulu. M'caka ca 1967 Freeman Dyson ndi Andrew Lenard anatsimikiza mwa masamu kuti popanda lamulo limeneli zinthu zikadafinyikira pamodzi ndi kutulutsa mphamvu yoopsya. Ngakhale nyenyezi zimvera lamulo lomweli. Pafupi ndi Sirius, nyenyezi yowala koposa zonse za usiku, pali kanzace kosaoneka ndi maso, kamene kukula kwace kulingana ndi dziko lapansi koma kulemera kwace kulingana ndi dzuwa. Ralph Fowler wa ku Cambridge anaonetsa m'caka ca 1926 kuti cimene ciletsa nyenyezi yotere kuphwanyika ndi kulemera kwace ndi maelekitironi okana kukhala pa keyala imodzi. M'caka ca 1930 Subrahmanyan Chandrasekhar, mnyamata wa zaka 19, ali m'sitima ya pamadzi kucokera ku India kunka ku England, anapeza kuti kukana kumeneku kuli ndi malire; malirewo ndi kulemera kwa dzuwa kuwirikiza pafupi-fupi 1.4, ndipo nyenyezi yopitirira pamenepo maelekitironi sangathe kuicirikiza.

Maelekitironi onse ndi ofanana. Ya m'golidi siisiyana ndi ya m'phulusa. Kusiyana konse kwa zinthu, kuwawa kwa ndulu ndi kuzuna kwa uci, kulimba kwa khasu ndi kufewa kwa thonje, kucokera pa kuculuka kwace ndi pa malo amene manambala anai awalola kukhala. Pauli analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1945 cifukwa ca lamulo lace, ndipo anyamata ndi atsikana ophunzira kemisitiri m'masukulu a sekondale ayamba nalo pamene aphunzira kuwerenga 2, 8, 18 ndi 32.